Mankhwala Ako Sanapangidwe, Takondwa

Kawale 2,
Lilongwe.
Lachiwiri masana.

Takondwa mwana wanga,

Wapita ku tauni kukatenga tikiti yako, ine ndatsala ndekha m'nyumba ndi sutikesi yako ili chitsegukire pa mpando. Ndinayamba kukusitira mabulauzi, koma loyera lija latsala pang'ono kupsa. Ndakhuthula makala m'simbi, ndakhala pansi kuti ndilembe. Pali zinthu zimene ndakhala ndikufuna kukuuza chibwerere kalata ya kusukulu kwako kuja, koma ndikakuyang'ana kumaso mawu amandithawa. Kalatayi ndiisiya pamwamba pa zovala zako. Usaisunge kuti ukawerengere mu ndege, uiwerenge lero lomwe ukangolowa.

Ndiyambe ndi kuona ngati ntchito imene ukupitirayo ndinaimva bwino, chifukwa unandifotokozera katatu ndipo ndinayamba kugwirapo kanthu kachitatu, tsiku lija tinkasankha nyemba pakhonde. Unati thupi lathuli linamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo selo silimangogawikana mwa lokha, limadikira uthenga. Uthengawo amapatsirana m'kati mwa selo, uyu kupatsa uyu, monga mmene amachitira anthu popatsirana njerwa pomanga nyumba. Pa khansa, mmodzi mwa opatsira uthengawo amakakamira, n'kumangolamula kuti gawikana, gawikana, popanda womutuma. Utaona kuti ndikusochera, unandipatsa chitsanzo cha ku galaja ya malemu bambo ako ku Biwi. Unati hutala ya minibasi ikakakamira n'kumangolira, makaniko saphwanya galimoto yonse, amafufuza waya umodzi wolakwikawo. Ndiye inu mukufuna kupanga kamankhwala kakang'ono zedi, kotha kulowa m'kati mwa selo n'kukatseka kamphako ka wokakamira uja, kuti uthenga uimire pomwepo, maselo abwino asavulale. Ndinakufunsa ngati mankhwala oterowo alipo. Yankho lako ndikulikumbuka liwu ndi liwu.

"Amayi, anthu akuyesa. M'timbale ta mu labotale zina zikuoneka ngati zikutheka. Koma munthu woti wachira nawo, ine sindinamuonepo."

Ngati ndalakwitsa penapake undikhululukire. Ine sukulu yanga ya mankhwala ndi ya pa zenera logawirapo mankhwala ku chipatala. Zaka zonsezi ntchito yanga yakhala yowerenga mapilitsi, kuika m'kaenvulopu ndi kujambula kadzuwa kotuluka, kadzuwa ka masana ndi kamwezi kwa amene sadziwa kuwerenga. Kupanga mankhwala sindikudziwa. Chimene ndikudziwa ndi mmene munthu wokonda anzake amawapwetekera ndi mankhwala, chifukwa ndinachitapo, osati kamodzi. Malangizo anga achokera pamenepo. Alibe ulemerero, koma ndi okhawo ndili nawo.

Ndisanakwatiwe, ndili kamtsikana kongoyamba ntchito pa kachipatala ka mishoni kufupi ndi kwathu ku Dedza, tinali ndi sisitere wachizungu wolankhula mothamanga, mawu ake otulukira m'mphuno. Tsiku lina anandiuza kuti ndisungunule mankhwala a chifuwa a ana, amphamvu, oyenera kuthira madzi ambiri. Muyeso wa madziwo sindinaumve. Ndinachita manyazi kufunsa, poti dzulo lake anali atandiyamikira pamaso pa anzanga kuti ndimamva Chingerezi. Ndinangogwedeza mutu, n'kukathira madzi mongoyerekeza. Mabotolo atatu anatuluka pa zenera langa m'mawa umenewo. Masana mayi wina anabwera akuthamanga, mwana ali lende kumsana, sakudzuka. Sisitere atanunkhiza botololo anandiyang'ana, ndipo ndinaulula. Sanandikalipire, nthawi panalibe. Anandiuza kuti ndipite ndikalande mabotolo awiri otsalawo. Ndinathamanga midzi iwiri wopanda nsapato, ndikufunsa makomo. Botolo lina ndinalipeza lisanatsegulidwe, lina mwana atamwa kale sipuni imodzi. Mwana woyamba uja anagona tsiku lathunthu ndi theka. Anadzuka, Mulungu anandichitira chifundo.

Iwe Chingerezi chako n'chakuthwa kuposa changa, koma manyazi aja unatengera ine. Ndimakuona. Munthu wamkulu akamalankhula umagwedeza mutu, maso ako akunena kuti sunamve. Kumene ukupitako akakupatsa zinthu zoti uyeze pa sikelo yoti ngakhale mpweya wako umaisuntha. Usakagwedeze mutu, Takondwa. Ukafunse kawiri, katatu, ngakhale akuone ngati wotsalira. Kusekedwa kumatha tsiku lomwelo.

Tsopano ndikuuze za bambo ako, ndipo pano upirire nane. Iwe unali ku koleji ku Zomba chaka cha chilala chija, pamene tinkaima pamzere kudikira chimanga chachikasu. Bambo ako anayamba kutopa msanga, kutuluka thukuta popanda chifukwa, ndipo kumanzere kwa mimba kunauma gwa ngati aikamo njerwa. Ankati akalowa pansi pa galimoto potuluka ankachita kukoka ndi anzawo. Tinapita ku chipatala chachikulu, anawatenga magazi, ndipo zotsatira zitatuluka dokotala anaitana ine ndekha, poti anaona yunifolomu yanga. Anandiuza kuti ndi khansa ya m'magazi, ya mtundu woyenda pang'onopang'ono. Anati mapilitsi alipo oti aigonetse pansi kwa kanthawi, koma ochiza palibe. Kenaka anandifunsa ngati ndikufuna awauze iyeyo kapena ndikawauza ndekha. Ndinati ndikawauza ndekha, kunyumba, mwakachetechete.

Tikutsetsereka kupita pa siteji, bambo ako anaima kuti apume, n'kundifunsa kuti dokotala wati chiyani. Ndinayang'ana nkhope yawo, ndinaona mantha amene sindinawaonepo mwa iwo, ndipo pakamwa panga panatuluka bodza. Ndinati ndi kapamba, malungo a kalekale aja ndiwo amutupitsa, akamwa mankhwala zitha. Anaseka, nati ndiye bola. Ndinadziuza kuti ndiwauza mawa. Mawa litafika ndinati adye kaye bwino, apeze mphamvu. Miyezi inadutsa chomwecho.

Agogo ako ku Ntcheu anali atatumiza uthenga kawiri kuti mwana wawo akawaone, maso ayamba kuchita khungu. Bambo ako ankati apita akachira, safuna amayi awo awagwire nthiti. Tsiku lina tikudya anaika dzanja pansi, n'kundifunsa mosaseka.

"Nachisale, iwe umagwira ntchito ku chipatala. Undiuze zoona. Ndichira ine?"

Ndinati, "Muchira, bambo a Takondwa. Mvula isanagwe mukhala mutabwerera mwakale."

Anandikhulupirira. Ulendo wa ku Ntcheu anauika pa Khirisimasi, n'kulandira ntchito yomanga injini ya lole ya munthu wina, yoti inawadyera masabata asanu ndi limodzi a mphamvu zawo zomaliza. Ku Ntcheu anapita ali m'bokosi. Agogo ako anasisita bokosilo ndi manja onse awiri, n'kufunsa ngati mwana wawo ankadziwa kuti akupita. Ndinati ankadziwa. Iwenso ndinakuuza chomwecho, ndipo m'kalata yako yopempha malo kusukulu kuja unalemba kuti bambo ako anaidziwa nthenda yawo n'kuiyang'ana molimba mtima. Unandiwerengera mawu amenewo ukunyadira, ine ndinathawira kukhitchini. Sanadziwe, mwana wanga. Ndinawalanda mpata wotsanzika amayi awo, wotsanzika iwe, wokonza zawo mmene akanafunira. Ndinkati ndikuwateteza, koma amene ndinkamuteteza ndinali ine ndemwe, kuti ndisaone nkhope ija kachiwiri.

Unandiuza kuti mankhwala anu akadutsa pa mbewa adzayesedwa pa anthu odwala amene avomera. Tsiku limenelo likadzafika, kaya iwe udzakhala pafupi ndi bedi kaya kutali m'chipinda cha mabotolo, udzaonetsetse kuti munthuyo wauzidwa zoona. Auzidwe kuti awa ndi oyesa, akhoza kuthandiza, akhoza osathandiza, akhozanso kumupweteka. Thupi ndi lake, masiku otsalawo ndi akenso. Usadzamusankhire chifukwa choti wamumvera chisoni. Undimve bwino pamenepa.

Cholakwa china chinachitika m'kati mwa nthenda yomweyo, ndipo ichi ndi chimene chimandivuta koposa. Mapilitsi amene anawapatsa bambo ako anali ang'onoang'ono, oyera, ndipo poyamba anachita zodabwitsa. Mimba inaphwa, anayamba kumaliza chakudya, anabwerera ku galaja. Dokotala anandichenjeza kuti mankhwala amenewo sasankha, amapha magazi oipa ndi abwino omwe. Anati ndiziwabweretsa kudzayezetsa magazi pakatha milungu iwiri iliyonse, ndipo ndikangoona mikwingwirima pakhungu kapena magazi m'nkhama, asiye kumwa, tibwere msanga. Ndinavomera zonse, ndipo ulendo uno ndinamva bwinobwino.

M'mawa wina ndikutsuka kapu yawo ndinaona mswachi uli wofiira. Patapita masiku awiri ndinaona mabanga akuda pa ntchafu ndi pamkono. Iwo ankati ndi masipanala akuwagunda. Ine ndinadziwa kuti si masipanala. Koma ndinaganiza kuti ndikanena, dokotala awalanda mapilitsi, mimba ija itupanso, ndipo tibwerera pamene tinachokera. Anali mankhwala okhawo amene anandibwezera mwamuna wanga, ndiye ndinawaikira kumbuyo ngati mwana wolakwa. Tsiku lokayezetsa magazi ndinati ndatanganidwa ku ntchito, tipita sabata yamawa. Titapita, dokotala asanaone zotsatira, anafunsa ngati pali chachilendo chimene ndaona. Bambo ako anali atavala malaya a manja aatali amene ndinawasankhira ine. Ndinati palibe. Zotsatira zinachedwa tsiku limenelo, anatiuza kuti tidzabwere Lolemba, ndipo tinabwerera kunyumba ndi mapilitsi ena.

Loweruka lake mnzawo wa ku galaja, a Chimbalanga, anabwera kudzanditenga ndi galimoto ya kasitomala. Bambo ako anali atayamba kamfuno m'mawa, ndipo sikankaleka. Ndinawapeza atakhala pa tayala, thaulo lathunthu litanyowa, nkhope ili mbuu. Ku chipatala anawathira magazi a anthu atatu, amalume ako ndi amakaniko awiri. Dokotala uja ataona mikwingwirima anati imeneyi si ya dzulo. Sanandinene, anangofunsa kuti ndinaiona liti. Ndinati sindinaione. Anakhala miyezi isanu ndi iwiri kuchokera pamenepo, koma mphamvu zawo sizinabwerenso, ndipo kachifuwa kalikonse kankawagwetsa. Sindikudziwa ngati ndinawafupikitsira moyo. Ndinafunsapo sisitala wina wa ku ntchito kwathu, monamizira kuti ndi nkhani ya m'bale wa mnzanga, ndipo anati nthendayo ikanawatengabe. Mwina ndi choncho. Koma mswachi uja ndinauona, ndipo ndinautsuka kuti wina asauone.

Iwe ukupita kukagwira ntchito imene munthu amakhala zaka akulera kamankhwala kamodzi. Udzakakonda, ndikudziwa, chifukwa umakonda zinthu ndi mtima wonse ngati ine. Ndiye lidzafika tsiku limene mbewa zambiri zidzachira, koma ziwiri zidzafa mosadziwika bwino, kapena chiwindi cha imodzi chidzaoneka mwa mtundu wina. Mtima udzakuuza kuti zimenezo zinali zodwaladwala kale, palibe chifukwa chozilembera. Mwina abwana ako adzakhala akudikira nkhani yabwino, mwina maphunziro ako onse adzakhala atatsamira pa kamankhwala kameneko. Udzalembe, Takondwa. Udzalembe m'buku tsiku lomwelo, ndi inki, ndipo udzakaonetse kwa munthu wina. Chimene udzabise pa mbewa chidzakatulukira pa mwamuna wa munthu.

Za mbewazo, azakhali ako a ku Area 23 anaseka mpaka misozi atamva kuti ukupita kutsidya kwa nyanja kukaweta mbewa zoyera, zodya bwino kuposa ana awo, pamene kwathu kuno timangokumba. Akuti ukamaliza kuziyeza usazitaye, uziwamba uzitumize. Ine ndinasekera nawo, koma kuseka kwanga sikufika pansi masiku ano.

Ndili ndi mantha, ndisakubisire. Ndikuopa kuzizira kwa kumeneko, poti iwe chifuwa sichichedwa kukugwira. Juzi yobiriwira ija ndaiika pansi penipeni, uzivala m'kati ngakhale isakhale ya fasho. Ndikuopa kuti uziiwala kudya, monga unkachitira pa mayeso. Ndikuopa kuti ukadwala sudzandiuza, chifukwa ndiwe mwana wa mayi wobisa. Uzilemba kamodzi pa mwezi, ngakhale mizere itatu, ndipo usamalembe zabwino zokhazokha. Ukapeze tchalitchi, ngakhale nyimbo zake zikhale zozizira. Akapezeka mwamuna wokufuna, ukamuone mmene amachitira akalakwitsa, ngati amavomera kapena amafunafuna wina womukankhira. Zina zonse za iye zikhoza kudikira.

Koma mantha anga aakulu ndi akuti ukupita kukabwezera imfa ya bambo ako. Usanatsike m'basi ya maliro kuchokera ku Ntcheu unali utasintha kale maphunziro ako mumtima, ndinakuona. Unandiuza wekha kuti mankhwala ambirimbiri amene anthu amayamba kupanga amathera panjira, ndipo munthu akhoza kugwira ntchito moyo wake wonse osaona ngakhale amodzi akufika m'manja mwa wodwala. Ndiye ukadzafika pa chaka chachisanu wopanda chooneka, udzadziona ngati wawataya bambo ako kachiwiri? Iwo sakukutuma. Anali munthu woti injini ikamukanika ankapukuta m'manja, n'kuuza mwini wake kuti ayese kwina, kenaka n'kubwera kunyumba kudzamvera mpira pa wailesi. Ukagwire ntchitoyo chifukwa umaikonda ndiponso uli nayo mutu. Ikakanika, udzabwere, nyumba ino siidzakufunsa kuti wabweretsa chiyani. Ikadzatheka, udzafunse akuluakulu akowo ngati mankhwalawo adzafike pa zenera ngati langali, kapena adzangothera komweko. Sindikuti udzawasintha maganizo, koma pakhale munthu mmodzi m'chipindamo wofunsa.

Cholakwa chomaliza ndi cha chaka chino, ndipo sichinathe. Ukuwadziwa Anambewe, aja amagulitsa kaunjika wa ana pa msika wa ku Biwi, amene timakhala nawo benchi imodzi ku msonkhano wa amayi wa Lachinayi. Kalata yako itabwera ndinalephera kudzigwira. Nthawi ya maumboni ndinaimirira, n'kuuza amayi onse kuti Mulungu wayankha misozi yanga, mwana wanga wasankhidwa kupita kunja kukapanga mankhwala a khansa. Sindinati kukayesa, ndinati kukapanga. Nthungululu zitalira ndinaonjezera. Ndinati ndi kapilitsi kakang'ono koti kamapita pa nthenda penipenipo, osathothola tsitsi, osafuna mpeni. Wina anafunsa kuti adzatuluka liti, ine n'kuyankha kuti maphunziro ako ndi a zaka zitatu, koma ndi mutu wakowo mwina chaka chamawa chomwechi tidzamva zabwino. Mawu ako a pakhonde aja, oti wochira nawo sunamuonepo, ndinawasiya kunyumba. Ndinkafuna andione kuti wamasiye uja si wachabe.

Sindinadziwe kuti Anambewe ali ndi chotupa m'bere la kumanja. Anali atapita kale ku chipatala, atawapima, ndi kuwapatsa tsiku la opaleshoni yochotsa berelo. Anali ndi mantha, monga angachitire mkazi aliyense, ndipo amuna awo ankang'ung'udza kuti iwo sanakwatire mkazi wa bere limodzi. Ndiye anamva umboni wanga. Tsiku la opaleshoni litafika sanapite. Zimenezi zinachitika miyezi inayi yapitayo, ine osadziwa kanthu.

Ndinamva Lachisanu lapitali. Anabwera kuno iwe uli kwa azakhali ako, atanyamula kajumbo ka mtedza wokazinga kuti ukadye pa ulendo. Tinacheza za mitengo ya mabelo ndi za fumbi la chaka chino. Potsanzika anapempha kuti tilowe kuchipinda, natseka chitseko, n'kumasula bulauzi. Takondwa, ndaonapo zambiri pa ntchito yanga. Khungu lachita makwinya ngati la lalanje, nsonga yalowa m'kati, ndipo m'khwapa muli kambulu kolimba. Anandigwira dzanja n'kunena motsitsa mawu.

"Anachisale, mumuuze mwana wanu kuti oyamba kutuluka asunge anga. Ine ndikudikira, sindikufuna mpeni. Chaka chimodzi ndipirira."

Ukanakhala iwe ukanawauza pomwepo. Ine ndinati ndimuuza. Ndinalandira mtedzawo, ndinawaperekeza mpaka pa mlatho, ndipo pobwerera ndinakhala pa mwala wa m'mbali mwa msewu. Nkhope yawo inali yomweyo ya bambo ako popita pa siteji paja, ndipo ine ndinachita zomwezo. Zaka zonsezi ndimadziuza kuti ndinaphunzirapo, koma ayi.

Loweruka ndinapita ku msika kuti ndikakonze. Ndinawauza kuti asadikire, abwerere ku chipatala, mankhwala aja akhoza kuchedwa. Anamwetulira, nati ndikudzichepetsa chabe, mayi aliyense amatero poopa nsanje za anthu. Anati anamva okha ndi makutu awo zimene ndinanena m'nyumba ya Mulungu, ndipo sindingakanene bodza mmenemo. Makasitomala anabwera, nkhani inathera pomwepo. Dzulo ndinapita kukaonana ndi sisitala wa ku wodi ya amayi amene ndinagwirapo naye ntchito. Anati sangalonjeze kanthu asanawaone, mwina opaleshoni ikadathekabe, mwina nthawi yapita, koma sabata iliyonse imene ikudutsa ikuwadyera mwayi. Anati dokotala wa opaleshoni amaona odwala Lachinayi m'mawa, ndipo akabwera adzawalowetsa.

Ndiye ndikukupempha chinthu chimene mayi sayenera kupempha mwana pa tsiku lake la ulendo. Mawa tipite ku Biwi. Ine sakundimvanso, bodza langa linalimba kuposa choonadi changa. Koma iwe ndiwe mwini mankhwalawo m'maso mwawo, ndipo ukanena kuti kulibe adzamva. Ndege yako ndi ya masana, amalume ako abwera ndi galimoto cha m'ma teni koloko kudzatitenga kupita ku bwalo la ndege ku Lumbadzi. Tikanyamuka dzuwa likutuluka, tiwapeza asanapite ku msika, ndipo tibwerera nthawi ilipo. Usavale suti ya ulendo ija, uvale diresi wamba ndi chitenje. Ine ndiyamba, ndipepese pamaso pa amuna awo, ndinene kuti ndinakometsa nkhani chifukwa chodzitama. Kenaka iwe uwauze mwa Chichewa chophweka zimene unandiuza ine, kuti ntchitoyo ikungoyamba kumene, kuti ngakhale itatheka idzatenga zaka zambiri, ndiponso kuti mwina mankhwala oyambawo sadzakhala a nthenda ya bere n'komwe. Adzalira, mwina adzatithamangitsa. Usadzafewetse mawu ukadzaona misozi. Ukadzaona ine ndikuyamba kutsegula pakamwa kuti ndiwatonthoze ndi lonjezo lina, udzandigwire mkono.

Ndikudziwa kuti ukamaliza kuwerenga kalatayi ukhala utandikwiyira chifukwa cha bambo ako. Uli ndi ufulu. Ndikanatha kudikira kuti unyamuke uli ndi mayi wabwino mumtima, koma ndaona kuti ndibwino upite ukundidziwa. Ngati sufuna kundilankhula lero, usadzikakamize, chakudya chako ndikusiyira pa tebulo. Ngati ku Biwi sungathe, ndipita ndekha, ndipo ndidzapitanso mawa lake, mpaka atatopa nane. Sabata yamawa ndidzaimiriranso pa msonkhano uja, pa benchi pomwe ndinaimirira, ndibweze mawu anga pamaso pa amayi onse, chifukwa sindikudziwa kuti ndi angati ena amene anandimva ali ndi zawo zobisa m'bulauzi.

Lachinayi m'mawa iwe udzakhala utafika, ukufunafuna chipinda chako m'dziko la eni. Ine ndapempha kale tchuthi cha tsiku limenelo ku ntchito. Anambewe akavomera, ndidzawatenga pakhomo pawo, ndidzakhala nawo pa benchi ya ku chipatala, ndipo dokotala akadzawaitana ndidzalowa nawo. Chilichonse chimene adzanene, chabwino kapena choipa, adzauze iwowo, ine ndili chete pambali. Ndidzakulembera zimene zidzatuluke, monga mmene zidzakhalire.

Mulungu amene anakupatsa mutu umenewo akuyendetse, akusunge ndi kukubweza wamoyo.

Ndine mayi ako,
Nachisale